Funsani Anti: Holide yophika, kulawa vinyo ndi kuyenda wapansi ku France, ndi zoona zimenezi?

Mwezi watha tinangotchulako mwachidule za maulendo a kumidzi ya ku France, aja amati mukhala pagulu ndi munthu wokulondolerani, nkumaphunzira kuphika, kuyenda wapansi mminda komanso kulawa vinyo. Nde makalata abwera, ambiri ochokera konkuno ku Mzuzu. Ndasankhapo anayi.

Zikomo Anti. Ndine mayi wa zaka 61, ndinapuma ntchito ya uphunzitsi ndipo ndimakhala ku Katoto. Mwana wanga wamkazi ndi nesi ku UK, nde akuti walipira ulendo wa sabata imodzi wa ine ndi iye ku France, dera lotchedwa Burgundy, akuti mmawa tiziphika, masana kuyenda pansi, madzulo kulawa vinyo. Anti ine ndadabwa, munthu kukwera ndege mtunda onsewo kukaphika ndi kuyenda pansi? Si zomwe ndakhala ndikupanga moyo wanga onse zimenezo? Chinanso ine mowa sindimwa, ndine wa Umanyano ku tchalitchi, komanso mawondo amandivuta pa chitsikira. Kodi ndisamuuze akatenge ndalamazo tigulire malata? Mayi wa ku Katoto.

Amayi, pitani. Za malatazo ndakumvani ndipo ndaseka ndekha chifukwa mayi aliyense wa kwathu kuno akanafunsa zomwezo, koma makampani ambiri a maulendowa akalandira dipoziti sabweza, nde mukakana ndiye kuti malata osawaona, France naye osamuona.

Kuphikako musaope, sikuti mukakhala pa moto kuphikira alendo ayi. Gulu limakhala laling'ono, mwina anthu khumi kapena kuposerapo pang'ono, mumagona nyumba imodzi yakumudzi kapena kahotela, katundu amakhala pomwepo kapena galimoto imamunyamula, inu mumangotenga kachikwama ka kumsana ka madzi ndi juzi. Ku Burgundy magulu ambiri amakhala cha ku Beaune, katawuni kakang'ono kummwera kwa Dijon. Loweruka mmawa kumakhala msika waukulu pakati pa tawuni, nde shefu amapita nanu, dengu mmanja, nkumakuonetsani mmene amasankhira nyama, tchizi, bowa, ndipo mukaona kuti wogulitsa aliyense amafuna kaye moni. Mukalowa mushopu kapena kufika pa benchi osanena bonjour amakuonani ngati munthu wamwano. Apapa inu a mpoto simungavutike.

Moyang'anizana ndi msikawo pali nyumba yakale ya denga la matailosi amitundumitundu yotchedwa Hospices de Beaune. Chinali chipatala cha anthu osauka, anamanga Nicolas Rolin ndi mkazi wake Guigone de Salins mu 1443, ndipo pa zaka zonsezi anthu akhala akuchipatsa minda ya mphesa ngati mphatso, moti mpaka pano vinyo wa mmindamo amagulitsidwa pa okushoni Lamulungu lachitatu la Novembala chaka chilichonse, ndalama zake nkuthandizira ntchito za chipatala. Mabedi a odwala a makatani ofiira akadali pa mzere momwemo. Mwana wanu nesiyo mukachita kumukoka kuti atulukemo.

Chakudya chomwe simungachizembe kumeneko ndi boeuf bourguignon, nyama ya ng'ombe yophika mu vinyo wofiira. Nyama yake si yofewa ija ya siteki, amasankha dala yolimba, ya paphewa kapena ya mwendo, ya mitsempha. Amaidula zikuluzikulu, kuipukuta ndi kansalu kuti iume, nkumakazinga zidutswa zochepa nthawi imodzi, chifukwa mukadzaza poto nyama imatulutsa madzi nkuyamba kuwira mmalo mofiira, ndipo shefu amaima pambali panu kukuletsani kutakasa, akuti isiyeni igwire kaye pansi. Ikafiira amawazamo ufa wa tirigu pang'ono, kuthira vinyo pafupifupi botolo lathunthu, kupala zonse zomwe zakakamira pansi pa poto zija kuti zisungunukire mu msuzi, kaloti, anyezi, adyo, kamtolo ka masamba onunkhira komanga ndi ulusi, basi kuvundikira nkuika mu uvuni pa kamoto kochepa maola atatu. Bowa ndi tianyezi ting'onoting'ono amakazinga padera nkuthira kumapeto. Tomato olo akhalemo ndi kasupuni kamodzi, ife paja ndiwo zopanda tomato timati sizinaphikidwe, koma msuzi wake umatuluka wakuda bii, wokhuthara, nyama kumangoduka ndi supuni. Podikira maola atatuwo ndi pomwe amakuphunzitsani tina, ngati gougères, timabanzi topepuka ta mazira, batala ndi tchizi tomwe timafufuma tokha mu uvuni popanda yisiti.

Ndisakubisireni ziwiri. Mowa wa mu vinyoyo wambiri umauluka ndi nthunzi koma si onse, katsalako kamakhalapo, nde zili kwa inu ndi chikumbumtima chanu. Komanso amakonda kuyambira ndi tizidutswa ta nyama ya nkhumba ta mchere, nde awerengi athu a Chisilamu ndi a Seventh Day muzinena pa fomu polembetsa, osadikira poto ali pa moto.

Tsopano mawondo. Mapulogalamu ambiri amaika makilomita 8 mpaka 15 pa tsiku ndipo amalemba ngati ulendo uli wopepuka kapena wolemerako, mwana wanu aonenso bwino pamenepo ndipo afunse ngati pali galimoto yotsatira yoti munthu akatopa akwere. Kuchoka ku Beaune kudutsa Pommard ndi Volnay kukafika ku Meursault ndi makilomita osapitirira 10, midzi yake ndi yoyandikana moti mukamatuluka mudzi uno nsanja ya tchalitchi cha mudzi winawo mukuiona kale. Minda ili mmbali mwa phiri koma si phiri loopsa, vuto ndi timiyala toyera tomwe timaterera pa chitsikira, nde ndodo ziwiri zoyendera zija musachite nazo manyazi, azungu a zaka 70 amayenda nazo. Njira zake zili ndi zizindikiro za penti pa mitengo ndi pa miyala, kamzere koyera ndi kofiira ndi njira yaitali yodutsa madera ambiri, kachikasu ndi yaifupi yongozungulira, mukaona X ndiye kuti mwasochera bwererani. Nsapato gulani pano, osati sabata yonyamuka. Muzivala kuchoka ku Katoto kupita mtawuni wapansi nkubwerera, kenako muziwonjezera mtunda, pena mupite cha ku Kaning'ina ndi anzanu kuti miyendo izolowere kukwera ndi kutsika, apo ayi tsiku lachiwiri lomwe matuza ali mbwee. Mminda ya mphesa mulibe mithunzi, chipewa chisatsale. Ndipo mphesa za eni musathyole olo zikhale pamphepete penipeni pa njira, minda ina kumeneko phava limodzi ndi ndalama zambiri.

Za vinyo. Olo simumwa, gawo limeneli ine ndimaliona kuti ndi lomwe mukasangalale nalo kwambiri, chifukwa nkhani yake ndi ya ulimi. Dera lonselo mphesa zake zikuluzikulu ndi ziwiri basi, Pinot noir wa vinyo wofiira ndi Chardonnay wa vinyo woyera, koma munda uliwonse uli ndi dzina lake ndi malire ake, ina yotchingidwa ndi mipanda ya miyala yomwe amonke anayamba kumanga zaka mazanamazana zapitazo, ngati Clos de Vougeot. Mbewu imodzimodzi, mlimi yemweyo, koma munda wapakati pa phiri ndi wa mmunsi mwa msewu vinyo wake kukoma kosiyana, mtengo kosiyananso kutalitali. Aliyense amene anamwapo khofi wa ku Misuku nkumwanso wa ku Viphya akudziwa zomwe ndikunena. Timinda timeneti tilipo 1,247 tomwe UNESCO inatiika pa mndandanda wa malo ofunika pa dziko lonse mu 2015, ndipo nchifukwa chake pa botolo la ku Burgundy chomwe amalemba ndi zilembo zazikulu ndi dzina la mudzi kapena la munda, osati la mphesa. Mlimi akakuuzaninso za kachilombo ka phylloxera komwe kanawononga minda yambiri ya mphesa ku France kumapeto kwa zaka za mma 1800, mpaka anachita kumezanitsa mipesa yawo pa mizu ya mipesa ya ku America, ndipo mpaka lero ndi mmene amadzalira.

Kulawako kumachitikira mzipinda za pansi pa nthaka, mozizira cha mma digiri 12 chaka chonse, nde juzi ija ya Juni wa ku Mzuzu ikagwira ntchito. Migolo ya matabwa ili ndandanda, umodzi malita 228, fungo la chinyezi, mlimi amatunga ndi kapaipi kagalasi nkudonthezera aliyense pang'ono pansi pa tambula. Anthu amayang'ana mtundu, kuzunguza tambula, kununkhiza, kuika mkamwa, kenako kulavulira mkachitini komwe amaika dala pamenepo. Eee, kulavula, ndipo si mwano, akatswiri enieniwo ndi omwe amalavula. Inu mutha kungonunkhiza nkudutsitsa, kapena kunena poyambirira kuti simumwa, palibe amene akakukakamizeni, ndipo mukanena nthawi ilipo amakukonzerani juwisi. Chenjerani ndi chakumwa chofiirira chotchedwa kir chomwe amakonda kupereka musanadye, chimaoneka chosalakwa koma ndi vinyo woyera wosakaniza ndi mowa wotsekemera wa zipatso. A Umanyano angakumvereni mbiri.

Anti, ine ndine mnyamata wa zaka 24 wa ku Chibavi, ndimaphika pa loji ina ku Nkhata Bay. Ndikuganiza zogulitsa kapuloti komwe anandisiyira bambo kuti ndipite pa ulendo ngati umenewu, ndikatenge satifiketi ya ku France mwinanso ndikapezeko ntchito. Mukuona bwanji? Shefu wachinyamata.

Achimwene, puloti musagulitse, chonde. Iyi ndi holide, si sukulu. Kapepala komwe ena amapereka tsiku lomaliza ndi kachikumbutso chabe, palibe hotela yomwe ingakulembeni ntchito chifukwa cha iko, ndipo anzanu a pagulupo akakhala anthu opuma pa ntchito omwe abwera kudzasangalala, maphunziro ake ndi a maola awiri atatu tambula ili pambali. Pepala lenileni la ophika ku France ndi CAP Cuisine, nthawi zambiri zaka ziwiri, mu Chifalansa, ndipo limafuna viza ya nthawi yaitali. Viza ya alendo siyilola kugwira ntchito, nde wina akakuuzani pa WhatsApp kuti mumupatse ndalama akupezereni ganyu yothyola mphesa mu Sepitembala pa viza ya holide, mblokeni. Ngati mtima uli pa France yambani ndi chiyankhulo, ndipo za maphunziro a zokopa alendo ndi mahotela kafunseni pa Mzuni pompa.

Koma taonani chomwe anthuwa akugulitsa. Msika wa mmudzi, khitchini ya munthu, njira ya kumunda, ndi munthu wodziwa kufotokoza. Inu muli pa nyanja, alendo akubwera okha pa loji panu. Kambiranani ndi abwana anu, mlendo mudzuke naye mmawa kukagula nsomba ya batala kapena usipa kwa asodzi, muonetseni mmene chinangwa amachiviikira mpaka kufika pa ufa wa kondowole, avundule yekha athyoke mkono, tsiku lina akwere kuchoka pa Chitimba kupita ku Livingstonia kudzera pa mathithi a Manchewe, akalawe khofi kwa alimi. Mtengo muikepo wooneka, osati wa chisoni.

Anti, ine ndi akazi anga tikukwanitsa zaka 25 tili pa banja ndipo tasunga kangachepe. Tikufuna ulendo ngati umenewu koma sitidziwa poyambira, viza, ndege, komanso mwezi wabwino. Ndipo ndi Burgundy yokha kapena kuli kwina? Bambo wa ku Luwinga.

Mafuno abwino bambo, inu ndi mayi. Kwina kuliko. Ku Dordogne, cha ku Sarlat, ndi kwa abakha, mtedza wa walnut ndi mitsinje, komanso kufupi ndi phanga la Lascaux la zojambula zakalekale lomwe linapezeka mu 1940, ngakhale alendo amalowa mu lofanizira lake, lenilenilo anatseka. Saint-Émilion kufupi ndi Bordeaux ndi kwa vinyo wofiira. Provence kummwera ndi kwa masamba, mafuta a olivi ndi nsomba, kwa munthu yemwe batala ndi kirimu zimamulemera mmimba ndi bola kumeneko, koma kumatentha. Alsace kumalire ndi Germany ndi kwa vinyo woyera.

Mwezi, sankhani Meyi, Juni kapena Sepitembala. Julayi ndi Ogasiti dzuwa limaswa mtengo, anthu amadzaza, mitengo imakwera. Sepitembala ndi nthawi yokolola, minda imakongola ndi anthu othyola mphesa koma alimi amakhala otanganidwa moti ena salandira alendo masabata amenewo. Mu Juni kumada cha mma 9 koloko kupitirira, ndipo chakudya cha madzulo chimayamba mochedwa nkutenga maola awiri kapena atatu, mbale kubwera imodziimodzi, musakhutire yoyamba. Kuyambira kumapeto kwa Malichi mpaka kumapeto kwa Okutobala wotchi yawo ndi yathu zimafanana, nde kuimbira ana kunyumba sikuvuta.

Viza ndi ya Schengen, yolowera gulu la mayiko a ku Ulaya lomwe France ilimo, ndipo amayi a ku Katoto mumve apa, viza ya UK si yomweyo, UK sali mu Schengen, mukafuna kukadutsira kwa mwana ndiye kuti maviza awiri. Mtengo wake ndi mayuro 90 munthu wamkulu kuyambira Juni 2024, ndipo akakukanizani sabweza. Mutha kupempha kutatsala miyezi isanu ndi umodzi, yankho nthawi zambiri limatenga masiku 15 koma litha kufika 45, nde zoyamba kuthamanga kutatsala milungu iwiri ayi. Pasipoti ikhale yoti ikadali ndi miyezi itatu kuchokera tsiku lomwe mukatuluke kumeneko, ndi masamba awiri opanda chidindo. Inshuwalansi ya chipatala yosachepera mayuro 30,000, kalata ya kampani ya ulendoyo yosonyeza kogona tsiku lililonse, sitetimenti ya ku banki, kalata ya kuntchito kapena mapepala a bizinesi, chilichonse chosonyeza kuti mubwerera. Sitetimenti ikhale yooneka kuti ndalama zimalowa ndi kutuluka, osati akaunti yogona chaka chonse nkudzidzimukira mamiliyoni dzana, amadziwa kuti mwabwereka. Zidindo za zala mumakapereka nokha, palibe ejenti angakupangireni, ndipo yambani pa tsamba la boma la France-Visas kuti likuuzeni kokapereka mapepala.

Ndege mukwerera pa Kamuzu International Airport, Ethiopian Airlines kudzera ku Addis Ababa kapena Kenya Airways kudzera ku Nairobi, zonse zimatera pa Charles de Gaulle ku Paris. Ku Lilongwe tsikirani dzulo lake, M1 si msewu woupangira masamu a maola. Ku Paris sitima za ku Burgundy zimanyamukira pa Gare de Lyon, sitima yothamanga ya TGV imafika ku Dijon pasanathe maola awiri, kuchoka apo kasitima kena theka la ola muli ku Beaune. Za ku Bordeaux zimanyamukira pa Montparnasse, maola awiri ndi mphindi zochepa. Fikani tsiku limodzi ulendo usanayambe, kuti sutikesi ikatsalira panjira ikupezeni.

Pa ndalama ndi pomwe anthu amagwa. Mtengo womwe mukuona pa intaneti nthawi zambiri ndi wa munthu mmodzi pogona awiri mchipinda, ndipo ndege mulibe, sitima mulibe, inshuwalansi mulibe, pena ndi zakudya zina za masana mulibe. Wopita yekha amamuwonjezera ya chipinda. Afunseni alembe, zakudya zingati zalipiridwa, maphunziro ophika angati ndipo mukagwira mpeni nokha kapena kungoonerera, wolondolera amayankhula Chingerezi kapena ayi, ndipo viza ikakanika abweza zingati. Funso lomalizali ndi lathu ife, makasitomala awo ambiri safuna viza nde saliganizira nkomwe, mulifunse musanatumize tambala. Forex nayo mukuidziwa mmene ikuvutira muno, kwacha chigwereni ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, pitani ku banki msanga ndi invoisi ndi tikiti, ndipo muwauze kuti khadi yanu ikagwira ntchito kunja. Ku lesitilanti ya tipu imakhala kale mu bilu, madzi a pampopi a mujagi ndi aulere mukapempha. Adaputa gulani, mapulagi awo ndi a timiyendo tiwiri tozungulira.

Anti, ndamva kuti ku France amadya nkhono ndi achule. Nanga ine wa nsima ndikapulumuka? Ndinganyamule usipa ndi nyama yowamba? Mtsikana wa ku Mchengautuwa.

Amadyadi, ndipo nkhono kwawo kwenikweni ndi ku Burgundy komweko, amaziphika mu zigoba zake ndi batala, adyo ndi timasamba ta parsley, chomwe umamva mkamwa ndi adyo ndi batalayo basi. Palibe amene amakakamiza, koma lawani imodzi, ife a ngumbi ndi mphalabungu tisamachite kunyada. Buledi amakhala pa tebulo chakudya chilichonse ndipo amawonjezera mwaulere, mbatatesi, mpunga, nkhuku zonse zilipo, sabata imodzi yopanda nsima simungafe. Chomwe chimagonjetsa anthu ambiri si nkhono koma tchizi cha Époisses, fungo lake limakupezani muli pakhomo. Nyama ya siteki amakonda kuisiya yofiira mkati, mukafuna yopsa nenani bien cuit.

Nyama yowamba, soseji, mkaka ndi chilichonse cha mkaka ndi zoletsedwa kulowa nazo mu EU kuchokera kuno, akazipeza amalanda ndipo atha kukulipitsani. Zipatso ndi masamba aawisi zambiri zimafuna satifiketi, zisiyeni. Nsomba zouma lamulo limalola mpaka makilogalamu 20, koma achemwali, mukagona nyumba imodzi ndi anthu khumi achilendo ndipo khitchini ndi ya shefu, usipawo mukaukazingira kuti? Bola nyamulani paketi ya khofi wa Mzuzu kapena mpunga wa Kilombero mukapatse shefu ndi wolondolera. Pobwerera botolo la vinyo kapena masitadi ya ku Dijon muike mu sutikesi yaikulu, mutakulunga ndi zovala pakati penipeni, mu chikwama cha mmanja akakulandani pa chipata chifukwa zamadzimadzi zopitirira mamililita 100 sizidutsa.